SAMUEL YOSIYA NTHARA, MPHUNZITSI NDI MLEMBI WA MABUKU (1905-1976)

M'masukulu ambiri a kumidzi muli kabati kapena bokosi m'mene mphunzitsi wamkulu amasungamo mabuku akale. Ena a mabukuwo ciswe cinawadya, ena zikuto zinacoka kale, ndipo ana a masiku ano sanawagwirepo n'kamodzi komwe. Munthu akafukula bwino m'kabati yotere, kapena akakafunsa kwa mphunzitsi wokalamba amene anapuma nchito, mwina adzapeza kabuku kopyapyala kochedwa Nthondo. Amene anakalemba anali mphunzitsi wa sukulu ya Misyoni, wogwira coko tsiku ndi tsiku monga aphunzitsi anzao onse, ndipo pamene analemba bukulo anali asanakwane zaka 30. Dzina lao ndi Samuel Yosiya Nthara. Pa mabuku ambiri, makamaka a Cingerezi, dzinali linalembedwa Ntara.

Mbiri ya moyo wao iyenera kudziwika kwa aphunzitsi a mbali zonse ziwiri za malire, ku Malawi ndi ku Zambia, pakuti cinenero cimene analembamo ndico comwe ana alankhula ku Dowa ndi ku Katete. Ndico cimenenso cimamveka m'makomboni a Lusaka monga Kuku, Chawama ndi Matero, cingakhale kumeneko casanganizika ndi Cibemba, Cinsenga ndi Cingerezi.

Kubadwa ndi Kuphunzira

Bambo Nthara anabadwa pa 24 September 1905 m'cigawo capakati ca dziko limene masiku amenewo linali kuchedwa British Central Africa. Dzina lakuti Nyasaland linadza m'caka ca 1907. Atate ao anali mphunzitsi, Mngoni, ndipo amai ao anali Mcewa. Kotero mwanayo anakulira pakati pa mitundu iwiri imene kale inali pa nkhondo, ndiponso m'nyumba m'mene munali buku ndi sileti pa nthawi imene anthu odziwa kuwerenga anali owerengeka.

Mbali yaikulu ya deralo inali m'manja mwa Misyoni ya Dutch Reformed Church ya ku Cape, imene anthu anaizolowera kuichula kuti Misyoni ya Adachi. Misyoniyi inayamba pa Mvera m'caka ca 1889, pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga msasa wao m'dziko la mfumu Chiwere. Pambuyo pace anatsegula Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896, ndipo m'kupita kwa nthawi Nkhoma ndiye anasanduka likulu. Abale ao a ku Orange Free State anaolokera ku Northern Rhodesia namanga pa Magwero mu 1899 ndi pa Madzimoyo mu 1903. Cifukwa cace mabuku osindikizidwa pa Nkhoma anali kufika ndi ku masukulu a ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata.

Misyoni imeneyi inali ndi mcitidwe wacewace pa maphunziro. Inacurukitsa masukulu ang'onoang'ono a m'midzi, ndi kulimbikira kuti ana aphunzire kuwerenga m'cinenero cao, pamodzi ndi ulimi ndi nchito za manja. Cingerezi sanali kuciphunzitsa kwambiri, ndipo anthu ambiri anadandaula nazo, poona kuti ana a ku Livingstonia ndi ku Blantyre alikupeza nchito za ukalaliki pamene ana ao alikutsalira. Dandaulo limeneli linali loona. Komatu mcitidwe womwewo unabala cipatso cimene palibe anaciyembekeza: unalera anyamata amene anadziwa kulemba Cinyanja cosalala ndi cozama, osacita naco manyazi. Mmodzi wa iwo anali Samuel Nthara, amene anaphunzira m'masukulu a Misyoniyi kufikira anatenga nchito ya uphunzitsi.

Pa zaka zomwezo W. H. Murray ndi anzace, Azungu ndi Aafrika, analikumasulira Baibulo lonse, ndipo Buku Lopatulika linatha mu 1922. Mnyamata wophunzira pa Misyoni masiku amenewo anali kumva akulu akukangana pa za liu limodzi, ngati liri loyenera kapena losayenera. Anali kuonanso makina osindikizira mabuku akugwira nchito, ndi nyuzipepala ya Mthenga ikutumizidwa ku midzi. Zonsezi zinamuonetsa kuti cinenero ca amai ace cikhoza kulembedwa ndi kusindikizidwa monga cinenero cina ciri conse.

Mpikisano wa ku London

M'caka ca 1926 kunakhazikitsidwa ku London bungwe lochedwa International Institute of African Languages and Cultures, limene nchito yace inali kufufuza zinenero ndi miyambo ya anthu a mu Afrika. Akulu a bungweli anaona kuti ana ambiri alikuphunzira kuwerenga, koma akatha sukulu alibe coti awerenge, kupatula Baibulo, katekisma ndi mabuku a m'kalasi. Tsono anayambitsa mpikisano wa caka ndi caka, wakuti Aafrika alembe mabuku m'zinenero zao. Caka ciri conse anali kusankha zinenero zingapo, ndipo itafika nthawi ya Cinyanja, Bambo Nthara analemba nkhani yao naitumiza.

Mu 1933 nkhaniyo inalandira mphotho m'gawo la mabuku ofotokoza moyo wa munthu, ndipo inasindikizidwa pa Nkhoma ndi dzina lakuti Nthondo. Caka comweco Pita Nwana wa ku Nigeria analandiranso mphotho ya bungwe lomweli cifukwa ca buku lace la Omenuko, limene Aigbo amaliyesa ciyambi ca mabuku a nthano zazitali m'cinenero cao. Patsogolo pa onsewa panali Thomas Mofolo wa ku Lesotho, wophunzira pa Misyoni ya Morija, amene buku lace la Chaka linaturuka m'Cisotho mu 1925. Amuna atatuwa sanadziwane, koma njira yao inali imodzi: anatenga luso la kulemba limene anaphunzira pa Misyoni nalembera nalo za anthu a kwao. Buku lochuka la Chinua Achebe, Things Fall Apart, linadza mu 1958, patapita zaka 25 cilembedwere Nthondo.

Nkhani ya Nthondo

Nthondo ndi nkhani ya munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwace kufikira imfa yace. Munthuyo ndi wongopeka, koma mudzi wace, makolo ace ndi mabvuto ace ndi zimene Mcewa ali yense wa masiku amenewo akadazizindikira. Atate ace amwalira iye akali mwana. Mwanayo akula wosamvera, wakuba ndi wobvuta, wosautsa amai ace ndi abale ace. Atakula acoka pamudzi kunka ku nchito ku maiko a kumwera, monga anali kucitira anyamata ambiri, ndipo kumeneko khalidwe lace silisintha msanga. Pambuyo pace abwerera kwao, alongedwa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima nakhala Mkristu, namwalira ali munthu wina.

Ulendo wa kumwerawo unali nkhani ya m'nyumba iri yonse. Cifukwa ca msonkho ndi kusowa kwa nchito, amuna zikwi zambiri a ku Nyasaland ndi a kum'mawa kwa Northern Rhodesia anali kunka ku Halale ndi ku Joni, ena pansi, ena polembedwa ndi Mthandizi kapena Wenela. Ena anabwera ndi njinga ndi masutikesi, ena anabwera cimanjamanja, ndipo ena sanabwerenso, nasanduka machona. Akazi ndi ana ndiwo anatsala ndi minda. Owerenga oyamba a Nthondo analikuwerenga za amalume ao ndi za akulu ao enieni.

Cimene Cikometsa Bukuli

Coyamba ndi cakuti mlembi sanasankhe munthu wabwino kuti akhale mwini nkhani. Mabuku ambiri a sukulu a nthawi imeneyo anali kuonetsa mwana womvera amene zonse zimyendera bwino, ndipo ana anali kuwawerenga akuyasamula. Nthondo ndi munthu wolakwa kawirikawiri, ndipo wowerenga amkwiyira, amseka, ndiponso amcitira cisoni, cifukwa aona kumene kulakwako kunayambira. Mwana wamasiye wosowa womlangiza ali m'kalasi iri yonse kufikira lero. Mphunzitsi amene anawerenga bukuli modekha sathamangira kukwapula mwana wotere asanafunse za kwao.

Caciwiri ndi cakuti mlembi anafotokoza miyambo ya Acewa monga mwini mudzi. Kubadwa kwa mwana, matenda ndi asing'anga, kuombeza ula, maliro, ukwati, milandu ya pabwalo, zonsezi ziri m'bukuli monga zinthu zimene anthu alikucita pa moyo wao, popanda kuimitsa nkhani kuti azilongosole kwa mlendo. Azungu ambiri anali atalemba kale za miyambo yomweyi, koma iwo anali kuiona ali panja pa mpanda. Mwa Nthondo wowerenga amva mantha a mai amene mwana wace wadwala usiku, ndi kuzindikira cifukwa cace maiyo athamangira kwa wa ula. Bambo Nthara anali Mkristu, ndipo sanabvomereze zonse za makolo, komabe anthu a m'nkhani yao sanawasandutse zitsiru.

Cacitatu ndi cinenero. Anthu a m'bukuli alankhula monga alankhulira anthu pamudzi, mopatsana ulemu, mozungulira, ndi mau okuluwika pamene nkhani yafika pobvuta. Mphunzitsi wofuna kuonetsa ana kusiyana kwa kulankhula ndi mnzako ndi kulankhula ndi apongozi kapena ndi mfumu adzapeza zitsanzo zokwanira m'menemo.

Kulinso mau otsutsa amene ayenera kunenedwa. Anthu ena ophunzira amene anasanthula bukuli anati mathero ace ndi a Misyoni: munthu woipa atembenuka, zonse zikonzeka, ndipo ulamuliro wa Azungu umene unabweretsa msonkho ndi ulendo wa ku migodi sutsutsidwa poyera. Iwo aona kuti buku losindikizidwa pa makina a Misyoni silikadatha mwa njira yina. Ena ayankha kuti mlembi analemba cimene anacikhulupira ndi mtima wonse, ndi kuti anaona ndi maso ao mafumu enieni akutembenuka motero. Mphunzitsi wanzeru sabisa mtsutso umenewu kwa ana a makalasi apamwamba. Kuwafunsa ngati kusintha kwa Nthondo kuwakhutiritsa, ndi kuwauza kuti apereke zifukwa zocokera m'bukumo, ndiko kuwaphunzitsa kuwerenga kwenikweni.

Bukuli Lioloka Nyanja

Thomas Cullen Young anali mmisyonale wa ku Scotland amene anagwira nchito zaka zambiri m'Misyoni ya Livingstonia, nabwerera kwao kukagwira nchito ya mabuku. Iye anamasulira Nthondo m'Cingerezi, ndipo mu 1934 bungwe la Religious Tract Society linalisindikiza ku London ndi dzina lakuti Man of Africa. Mau oyamba analemba ndi Julian Huxley, katswiri wa sayansi ya zamoyo, amene pambuyo pace mu 1946 anakhala mkulu woyamba wa UNESCO. Motero nkhani yolembedwa ndi mphunzitsi wa pa Nkhoma inawerengedwa ku Ulaya pa nthawi imene anthu ambiri kumeneko anali kuganiza kuti Mwafrika alibe nkhani yoti n'kulemba.

Cullen Young yemweyu ndiye anagwirizana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda pomasulira nkhani zitatu za olemba a Cinyanja, zimene zinaturuka mu 1946 m'buku lochedwa Our African Way of Life. Ubwenzi wace ndi Bambo Nthara sunathere pa buku limodzi, monga cidzaoneka patsogolo.

Mbiri ya Acewa

Kuchuka sikunawacotse Bambo Nthara pa coko. Anapitiriza kuphunzitsa, nayamba nchito yina yolemetsa koposa yoyamba ija. Ana a sukulu anali kuphunzira za mafumu a ku England ndi za maulendo a David Livingstone, koma za Kalonga, za Undi ndi za Mwase zinali zosowa m'mabuku a m'cinenero cao. Mbiri imeneyo inali m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalambazo zinalikutha. Iwo anakhala pansi ndi akuluakulu ndi mafumu, nafunsa, namvetsera, nalemba. Zotsatira zace ndi buku la Mbiri ya Acewa, limene linaturuka pa Nkhoma ca kumapeto kwa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo linasindikizidwanso lowonjezedwa mu 1965.

M'bukuli muli za kucokera kwa Acewa ku Uluwa, m'dziko limene tsopano ndi Congo. Za mafuko a Phiri ndi Banda. Za ufumu wa Kalonga. Za kupatukana kwa mafumu ndi kumwazikana kwa anthu ao. Za kacisi wa mvula wa ku Msinja ndi Makewana. Ndi za kufika kwa Angoni. Aphunzitsi a ku Zambia ali ndi gawo lao m'menemo, pakuti Undi amene anapatuka nalowera kumadzulo ndiye kholo la ufumu wa Kalonga Gawa Undi, amene likulu lace liri pa Mkaika m'boma la Katete, kumene Acewa a maiko atatu amasonkhana mwezi wa August pa mwambo wa Kulamba.

Akatswiri a mbiri a m'mayunivesite analilemekeza bukuli. Mu 1968 Bridglal Pachai analemba nkhani ya moyo ndi nchito ya Bambo Nthara m'magazini ya Society of Malawi, iwo akali moyo. Mu 1973 bukuli linaturuka m'Cingerezi ku Wiesbaden, m'dziko la Germany, lomasuliridwa ndi W. S. Kamphandira Jere, pamodzi ndi ndemanga za Harry Langworthy, amene anafufuza mbiri ya ufumu wa Undi. Akatswiriwo anapezamo malo ena amene sagwirizana ndi zimene akulu a madera ena anena, monga zicitikira ndi mbiri yonse yocokera pakamwa. Anaonanso cinthu cina codabwitsa: bukuli linawerengedwa kwambiri kotero kuti ofufuza a pambuyo, pofunsa akulu m'midzi, nthawi zina anali kuyankhidwa ndi zomwe zinalembedwa m'bukumo. Buku linacokera kwa nkhalamba, ndipo linabwerera kwa nkhalamba. Ici cionetsa mphamvu ya cinthu colembedwa, ndiponso cicenjeza wolemba ali yense kuti asamale, pakuti colakwa cace cikhoza kusanduka coona ca mbadwo wotsatira.

Mabuku Ena

Buku la Msyamboza lifotokoza moyo wa munthu weniweni, mfumu ya mudzi wa Chibanzi kufupi ndi Kongwe m'boma la Dowa. Msyamboza anaona masiku a nkhondo ndi a malonda a akapolo, naonanso kufika kwa Azungu. Iye sanaope zinthu zatsopano: anayesa ulimi wa mbeu zacilendo monga tirigu, nalandira sukulu, nakhala Mkristu. Cullen Young anamasulira bukuli, ndipo linaturuka ku London mu 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise. Wowerenga akaliika pambali pa Nthondo aona kuti mlembi analikusinkhasinkha funso limodzi zaka zonsezi, ndilo lakuti mtsogoleri wa mudzi atani pamene dziko lasintha, atenge ziti ndi kusiya ziti.

Caka comweco ca 1949 kunaturuka Nchowa, nkhani yopeka imene mwini wace ndi mkazi. Mu 1964 analemba moyo wa Mbusa Namon Katengeza, mmodzi wa abusa oyamba Aciafrika a Misyoni ya Nkhoma. Analembanso Mau Okuluwika m'Cinyanja, m'mene anasonkhanitsa mau ozama ndi matanthauzo ace, poopa kuti angatayike. Pa mabuku onsewa palibe limene analemba m'Cingerezi. Amene anafuna kuwawerenga kunja anayembekeza womasulira.

Masiku Otsiriza ndi Amene Anadza Pambuyo

Bambo Nthara anaona zaka za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, naona ufulu wa Malawi ndi wa Zambia mu 1964. Mu 1968 boma la Malawi linalamula kuti cinenero cimene analembamo cichedwe Cicewa ndi kuti cikhale cinenero ca dziko. Ku Zambia dzina lakuti Cinyanja linakhalabe, ndipo ndi cimodzi ca zinenero 7 zophunzitsidwa m'masukulu. Iwo anamwalira m'caka ca 1976.

Njira imene analambula inapitidwa ndi ambiri. Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa ofesi imodzi yosindikiza mabuku a zinenero za anthu, likulu lace ku Lusaka, ndipo olemba Cinyanja a maiko onse awiri anapeza khomo. Josiah Phiri analemba Kalenga ndi Mnzace, John Gwengwe analemba Sikusinja ndi Gwenembe, Kukula ndi Mwambo, ndi buku la Ndakatulo, E. J. Chadza analemba Nchito za Pakamwa, m'mene muli ndakatulo zimene ana ambiri anaziloweza pamtima, ndi Kokha Mceperawakalulu. Ku Zambia Jacob Zulu analemba Zomfula, ndipo Julius Chongo anatengera luso lomweli ku wailesi ya ku Lusaka, kumene anthu anali kumvetsera nthano zace pa Poceza m'Madzulo. Pambuyo pace kunadza Willie Zingani ndi Benedicto Wokomaatani Malunga, amene kuwonjezera pa ndakatulo zace anamasulira buku la Achebe lija m'Cicewa nalicha Cipasupasu.

Nthondo m'Masiku a Kanema

Ana a lero ali ndi zokopa zimene Bambo Nthara sanazione. Ku Kuku, komboni ya kumwera kwa Lusaka yoyandikana ndi Misisi ndi Chawama, kumene madzi amasefukira m'nyumba nyengo ya dzinja, mwana akhoza kukhala wopanda buku ndi limodzi lomwe la nthano, koma adziwa maina a anthu onse a m'sewero la Mpali la pa wailesi ya kanema. Ndi kumidzi komwe foni yafika, ndipo madzulo ana aunjikana pa foni imodzi monga kale anali kuunjikana pa moto. Aphunzitsi ena aona zimenezi ngati mdani wa kuwerenga. Koma mwana wokonda kanema ali ndi njala ya nkhani, ndipo njala yomweyo ndiyo imene buku lidyetsa.

Mafilimu abwino a zaka zino acita nchito yofanana ndi ya Nthondo. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anaturutsa I Am Not a Witch mu 2017, nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, m'mene mumveka Cinyanja pamodzi ndi zinenero zina za m'Zambia; filimuyi inalandira mphotho ya BAFTA ku Britain mu 2018. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor anaturutsa The Boy Who Harnessed the Wind, yojambulidwa ku Malawi, mau ace ambiri a Cicewa. Ifotokoza za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene analeka sukulu cifukwa ca njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina a mphepo opereka magetsi. Aphunzitsi azindikire kumene mnyamatayo anapeza nzeruyo: anaipeza m'buku la m'kalaibulale kakang'ono ka pafupi ndi kwao.

Mafunso amene munthu afunsa pa buku ndi omwewo oyenera kufunsa pa filimu. Mwini nkhani ndani, ndipo afuna ciani? Cimletsa n'ciani? Asintha bwanji, ndipo kusinthako n'kokhulupirika kodi? Wolemba aima mbali iti, ndipo ndani amene sanapatsidwe mpata wolankhula? Mwana wozolowera mafunso amenewa pa Nthondo sadzanyengeka ndi kuwala kwa cithunzi, pakuti adzadziwa kuti cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Ndipo mwana amene anaona filimu ya Kamkwamba akhoza kufunsidwa kuti afanizire mnyamatayo ndi Nthondo: onse awiri anakula m'mudzi wa Acewa pa nthawi yobvuta, mmodzi anathawa, wina anakhala.

Cotsalira kwa Aphunzitsi

Cimene ciri pangozi ndi mabuku eni ace. Ambiri a mabuku ochulidwa muno apezeka mobvuta m'masitolo, ndipo amene atsala ali m'makabati a masukulu, m'nyumba za abusa ndi za aphunzitsi opuma nchito. Buku lotere likadyedwa ndi ciswe, m'dera lonselo mulibenso lina. Mphunzitsi amene alipeza alikute ndi pepala lolimba, alembe dzina la sukulu, ndipo asalitsekere. Buku limodzi likwanira kalasi lonse ngati mphunzitsi aliwerenga mokweza, mutu umodzi pa sabata, makamaka Lacisanu pamene ana atopa ndi masamu. Awerenge mosathamanga, asinthe liu pa munthu ali yense, aleke pamene nkhani yafika pokoma, kuti ana aiyembekeze sabata yamawa. Mau obvuta awalembe pa bolodi, ndipo ana akafunse tanthauzo lace kwa agogo ao. Masukulu oyandikana akhoza kubwerekana mabuku pa misonkhano ya aphunzitsi.

Nchito yaciwiri ndi ya kulemba. Pafupi ndi sukulu iri yonse pali nkhalamba yodziwa kumene mudzi unacokera, cifukwa cace mtsinje unachedwa dzina lace, ndi nyimbo zimene akazi anali kuyimba pa mtondo. M'makomboni a Lusaka muli okalamba amene akumbukira m'mene anafikira m'tauni ndi m'mene komboni inayambira, ndipo mbiri imeneyo siinalembedwe mokwanira. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera pokhapo pali wina wowasunga. Bambo Nthara sanayembekeze kuti akhale ndi digiri kapena nthawi yopuma. Anali ndi kalasi lowayembekeza m'mawa monga mphunzitsi wina ali yense, ndipo zipangizo zao zinali kope, colembera, ndi kuleza mtima kwa kukhala pansi pamaso pa akulu ndi kumvetsera. Zipangizo zimenezi ziripo pa sukulu iri yonse, ngakhale ya kutali ndi mseu.